Mzere wa 212

Magetsi a ku Berea athima eyiti itangokwana.
Ndayatsa kanyali ka batire, ndakhala pa kompyuta,
bulangete kumapewa, zala zaferatu ndi chisanu cha Juni.
Pansipo matakisi akulizabe mahutala,
nsanja ya Hillbrow yangoti njo mumdima
ngati msomali umene kalipentala anaiwala kukhoma.

Tilipo anayi pa ntchitoyi, sitinagwiranepo chanza.
Lwandle ali ku Tembisa, khanda limalira kuseri kwa mawu ake.
Mzati ali ku Zomba, netiweki yake imachoka osatsanzika.
Mutinta ali ku Lusaka, kamera sayatsa,
timangomudziwa ndi chilembo M m'kabwalo kotuwa.
Tikumanga pulogalamu yotumizira ndalama kumudzi:
randi ilowe kuno, kwacha ikatuluke uko.

Pa msonkhano wa Lolemba aliyense ndi katswiri.
"Zikuyenda." "Ndatsala pang'ono." "Mawa ndimaliza."
Pakamwa sipalipira msonkho.
Koma khodi ilibe ulemu,
siifunsa za digiri, siimva kuti unagona mochedwa.
Chimene dzanja lako silidziwa
imakachiyanika pa foni ya munthu wosamudziwa.

Lachitatu kunabwera dandaulo.
Bambo wina wokumba maziko ku Midrand
anatumiza marandi mazana asanu kwa mkazi wake ku Dedza.
Mayiyo anawerenga kawiri pamaso pa ejenti,
zinaperewera.
Osati zambiri, ya mchere ndi machesi chabe.
Koma otumiza ndi zikwi zitatu,
ndipo chiswe sichidya mtanda tsiku limodzi,
penti kunja akuwala ndithu.

Mtima wanga unathamangira kwa Mzati.
Ndi mwana, amalemba ngati akuthamangitsidwa,
amatola zidutswa pa intaneti n'kumata
osagogoda kaye kuti amve ngati njerwayo inapsa.
Uthenga waminga ndinali nditaulemba kale,
chala chili lende pamwamba pa batani.

Pamenepo M uja anayankhula, koyamba mwezi uno:
"Tsegulani mzere wa 212.
Apa tikudula matambala tisanachulukitse."
Basi. Mawu ake ngati akuwerenga mtengo wa tomato.
Ndinatsegula.
Pambali pa mzere uliwonse pamakhala dzina la amene anaulemba,
makina saiwala, sakhululukanso.
Dzinalo linali langa.
Febuluwale, usiku wa Lachisanu, ndikuthamangira kukagona.

Palibe anaseka.
Ku Tembisa khanda linangoti chete, ngati nalonso lamva.
Mutinta anatiyalira sikirini yake,
analemba kaye mayeso, anawasiya agwe, ofiira ngati bala,
kenako anasuntha kadontho, anasintha mizere iwiri,
chofiira chija chinabiriwira.
Mzati, mawu akudukaduka, anati:
"Achemwali, bwerezaninso, koma pang'onopang'ono."
Anabwereza.
Ine amene ndili ndi zaka khumi pa ntchitoyi
ndinali ndikukopera m'kope, kamera nditathimitsa,
kuthokoza mdima wa ku Berea.

Wokutsina khutu ndi mnansi, amatero,
koma sindinkadziwa kuti mnansi angakhale kutsidya kwa Zambezi,
wopanda nkhope, chilembo chimodzi chokha,
dzanja lake n'kufika mpaka m'fulati yanga ya nambala naini
kudzawongola khoma limene ndinapotoza ndekha.

Teni koloko magetsi abwera.
Filiji yayamba kung'ung'udza, wina pansipo wakuwa mokondwa.
Uthenga wa Mzati uja ndaufufuta chilembo ndi chilembo,
kuyambira kumapeto.
Lwandle akuwerengera anthu oyenera kubwezeredwa zawo,
dzina la mayi wa ku Dedza lili pa nambala 1,806.

Khofi wazizira.
M'Febuluwale ndinalemba mizere zikwi zinayi.
Ndakoka mpando pafupi,
ndayamba ndi wa 213.